Matailosi a Mkamwini

A Clementina anatuluka m'bafa nkhope itakwinyika. Bafalo linali lonyaditsa ndithu. Ku Kalembo konse kunalibe lina lotere: matailosi oyera mbee kuyambira pansi mpaka kupitirira mutu, mizere yake yowongoka bwino. Anawamata ndi mkamwini wawo Yoram, mwamuna wa Lena, amene anali atangophunzira kumene ntchitoyi ku Balaka. Mawa lake kunkabwera a Hilary a ku Machinga boma, omwe ankamanga nyumba yogona alendo, kudzaona bafali. Likawasangalatsa, mabafa onse a nyumbayo adzamupatsa Yoram, ndipo iye za maganyu a m'minda ya thonje adzaziiwala.

Koma posamba m'mawa umenewo, kapu yachitsulo inawapulumuka a Clementina n'kugunda khoma. Khomalo linalira mwachilendo. Anagogoda m'munsi, munali molimba gwa. Anagogoda m'mwamba, mizere iwiri yonse inkalira ngati chigubu chopanda madzi.

Vuto linagona pamenepa. Mpongozi angayambe bwanji kuuza mkamwini kuti "ndimasamba ndiye ndamva zakuti"? Anthu oti akakumana panjira amapatukirana, oti chiyambire ukwati sanayang'anizanepo m'maso. Kungoganiza kokha, manyazi anawagwira.

Anapita kwa Lena, yemwe ankasenda chinangwa pakhonde.

"Iwe, ukawauze amuna akowo kuti matailosi a m'mwamba sanagwire."

"Amayi inunso, umisiri mwauyamba liti?" Lena anaseka. "Munthu wakukonzerani bafa mwaulere, m'malo mothokoza mukufuna timugwetse mphwayi? Iyayi, ine sindikanena."

"Ndiye ukufuna akamvere kwa alendo?"

"Alendowo adzaona ndi maso, sadzabwera ndi kapu."

"Womangitsa nyumba amagogoda, mwana iwe. Ngakhale mphika pamsika timayamba taugogoda tisanagule."

Lena anangopitiriza kusenda. Mwana ameneyu liuma anatengera malemu bambo ake.

Yoram anali kuseri kwa nyumba akukonza njinga. A Clementina anatenga tsache n'kuyamba kusesa pafupi ndi bafa, atamufulatira. Posesapo panalibe ngakhale kachitsotso, koma panali nkhuku zikupalasa.

"Inu nkhuku, chokani apa," anatero mokweza. "Khoma ili lingakugwereni. M'munsimu amisiri anagwira ntchito, ndi mwala weniweni. Koma m'mwambamu, mizere iwiri ija, mukulira ngati mulibe kanthu."

Yoram anasiya njinga ija. Kenaka anamva mapazi akulowa m'bafa, ndipo kugogoda kunayamba, tailosi imodzi imodzi. Kunatenga nthawi. Mtima wa a Clementina unali m'mwamba, poti mnyamatayo ankamukonda ndipo sankafuna kuti akhumudwe.

Yoram anatuluka n'kunjuta chapatali, chipewa chili m'manja, maso ali pansi.

"Nkhukuzi zimve," anatero motsitsa mawu, "kuti tsiku limene ndinkamata m'mwambamo mjigo unali utawonongeka. Matailosi timayamba tawanyika m'madzi. Ine ndinapupuluma n'kuwamata ouma, ndiye anamwa madzi onse a simenti."

"Nkhuku zamva," anayankha a Clementina akusesabe. "Koma alendo ndi mawa."

"Ndigumula lero lomwe."

Lena anabwera akuthamanga, mpeni uli m'manja. "Mukagumula, mawa muwaonetsa chiyani? Khoma lazigamba?"

"Ndiwaonetsa limene lilipo," anatero Yoram, akukatenga hamala.

A Hilary atafika mawa lake anapeza khoma la m'mwamba lili losendeka, matailosi ali m'beseni la madzi, Yoram simenti ili mpaka m'zigongono. Anatulutsa kiyi wa galimoto n'kugogoda m'munsi monse. Kenaka analoza m'mwamba.

"Umu mwatani?"

Yoram anafotokoza zonse, osabisa ngakhale za kupupuluma kwake. A Clementina ankamvetsera ali kuseri kwa nkhokwe, atagwira pachifuwa.

"Mmisiri amene ndamuchotsa posachedwapa," anatero a Hilary, "ankakanabe kuti walakwitsa mpaka tailosi inagwa yokha ife tikuona. Inu mubwere Lolemba. Madzi kwathuko savuta."

Khomalo linafunika masiku kuti liume. Madzulo amenewo a Clementina anasenza ndowa yawo kubwerera ku bafa lakale laudzu, akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi.