Matikiti Amene Makina Anakana

"Alamu, mwandigulitsa! Mwandigulitsa dzuwa likuswa mtengo!"

Chiphaliwali analowa mu ofesi osagogoda, atavala kale diresi la pasiteji, kumapazi kudakali masilipasi. Alamu akewo, amuna a mkulu wake, ndiwo ankayang'anira holoyo. Anaika kapu ya tiyi patebulo pang'onopang'ono.

"Ugwire mtima, mlamu. Kwagwanji?"

"Anthu anga ali panja! Makina a pageti akukana matikiti anga!"

Zaka zisanu ndi ziwiri mtsikanayu ankayimba m'maukwati a eni ake, ndipo iyi inali shoo yake yoyamba. Kuti alipire holo, anagulitsa makina ake osokera. Matikiti anasindikiza yekha, mazana atatu, n'kuwagulitsa pamanja kumsika ndi m'masaluni. Tsopano kunatsala theka la ola kuti ayambe.

Alamu anakoka dirowa n'kutulutsa mapepala a mgwirizano.

"Tsamba lachinayi. Wolowa muno aliyense amagula tikiti pafoni, kukampani ya matikiti. Unasayina wekha."

"Munati ndi za mipando ndi magetsi!"

"Ndinati uwerenge."

"Bodza! Munati, 'Sayina apa, ndife pachibale'!"

Alamu anayang'ana kudenga. Kenako anamupatsa foni kuti aone yekha. Mtengo umene Chiphaliwali anaika unalipodi, koma pansi pake panali mzere wa ndalama zapamwamba: ya ntchito ya kampani, ya holo, ya kutumiza tikiti pafoni. Zonse pamodzi, mtengo unatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Chiphaliwali anagwira pakamwa.

"Ya kutumiza pafoni? Tikitiyo imabwera wapansi, kuti igule nsapato?"

"Sindinaike ndine."

"Nanga amene anagula kale kwa ine?"

"Agulenso."

"Amayi anga, amene ndawaitana ndekha?"

"Tikiti yaulere ilipo. Koma zapamwambazo alipira."

Chiphaliwali anaika foni ija patebulo. Kenako ukali unabwereranso.

"Ndichoka! Ndikayimbira kuholo ya kuseri kwa siteshoni."

"Ndi yawo. Anaigula chaka chatha."

"Kubwalo la mpira ndiye."

"Mageti ake ndi awo."

"Kampani ina ija, ya zikwangwani zobiriwira?"

Alamu anatembenuza pepala n'kuloza pansi. Zizindikiro za makampani awiriwo zinali zoyandikana, adiresi ndi imodzi.

"Mwini wake ndi yemweyo, anangosintha penti. Mlamu, ndikatsegula geti lero, mawa atichotsa pamndandanda. Oyimba akuluakulu sapondanso muno, ine ntchito yatha. Mkulu wako ndi ana adya chiyani?"

Chiphaliwali anatembenuka. Anatuluka.

Panja mzere unali utafika kumsewu. Anthu ankadzikupiza ndi matikiti ake. Amayi ake anali atakhala pakhonde, nsapato zatsopano atazivula. Pageti panaima bambo wa kampani, kamakina kali m'manja, akupukusira mutu aliyense womuonetsa pepala.

"Uyo watuluka!" anakuwa mayi wina wogulitsa tomato, amene anagula matikiti anayi. "Achemwali, mwayamba liti kugulitsa mapepala abodza? Ine ndatseka benchi tsiku lonse chifukwa cha inu!"

"Si abodza, mayi!"

"Nanga tikupseranji padzuwa pano?"

Mawu akuti "wakuba" anamveka kumbuyo kwa mzere. Amayi ake anawerama. Kwa Chiphaliwali, kuwerama kumeneko kunapweteka kuposa mawuwo.

Anathamangira mkati, n'kubwera akukoka sipika ndi mayikolofoni, waya ukukwawa pambuyo.

"Amene ali ndi pepala langa amva nyimbo zonse, pompano!"

Bambo wa kampani anakweza dzanja mwaulemu.

"Pepani, chemwali. Bwalo lino, mpaka kumpanda uko, lilinso mumgwirizano."

Chiphaliwali anamuyang'ana bamboyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anayatsa mayikolofoni, sipika inalira, n'kufunsa, kenako n'kumuika bamboyo mayikolofoniyo pakamwa penipeni.

"Nyimbo ndinapeka ndine. Holo ndalipira ndine. Anthuwa ndawapeza ndekha, khomo ndi khomo. Inu mwachitapo chiyani choti alipire kawiri?"

Bamboyo anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda geti.

"Ine ndimangotumidwa."

"Ndiye aimbireni okutumaniwo, muike foni pamayikolofoni apa. Anthu mazana atatu akudikira. Awayankhe okha!"