Nambala Imodzi Yaulere

Foni ya Bambo inafera mu ndowa Lachiwiri m'mawa. Ankawerama kuti atsuke burashi ya penti, iyo n'kutsetsereka m'thumba la shati, thibu m'madzi. Anaivuula, anaipukuta ndi thaulo, anaiyanika padzuwa tsiku lonse, koma sinatsitsimuke. Ine sindinakhetse nayo msozi. Inali foni yamabatani ofufutika, yomangidwa labala m'chiuno, ndipo munthu akamalankhula inkangolira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

Loweruka ine ndi achemwali anga tinawatenga kupita kushopu ya mafoni. Mayi anatsala, ati phokoso la m'tauni limawawawitsa mutu.

Ndinene chilungamo, ulendowu ndinali nawo ndi changa mumtima. Kunali kutatsala masabata awiri kuti ndisamukire kutali kumene ndinapeza ntchito, ine chitsirizira amene sindinagonepo kunja kwa nyumba yathu kupitirira sabata. Makampani onse awiri a mafoni, ya chizindikiro cha nyenyezi ndi ya chizindikiro cha nkhunda, anali atabweretsa bandulo yoti munthu usankhe nambala imodzi yomaimbira ulere, bola ikhale ya kampani yomweyo. Ine ndili ku nyenyezi. Achemwali ali ku nkhunda. Ndinkafuna kuti nambala imodziyo ikhale yanga, ndipo ndinkaifuna mpaka kuchita nazo manyazi.

Achemwali nawonso ankaifuna. Iwo ndi mphunzitsi, ndipo aliyense amamulankhula ngati waiwala homuweki.

"Ine ndine wachisamba," anandiuza m'basi. "Nkhani za pabanja zimadzera kwa ine."

"Inu mumakhala misewu itatu kuchokera kunyumba. Mukayetsemula Bambo amamva."

"Bambo amamva?" anatero, ndipo tonse tinaseka, chifukwa apo pokha ndi pamene tinkagwirizana.

Bambo anagwira ukalipentala zaka makumi atatu, ndipo makina ochekera matabwa anawadya makutu. Lakumanzere linatsekeratu. Lakumanja limamva munthu akakuwa. Tsono Mayi sanakuwepo chibadwire, mawu awo ndi apansipansi, ofewa. Kwa zaka zambiri womasulira m'nyumba ndinali ine. Mayi akati, "Tiyi wapsa," ine ndinkakuwa kuti, "Akuti tiyi!" Akati, "Mwavala shati yosasita," ine, "Akuti shati!" Zina ndinkazifupikitsa, zina ndinkazimeza kuti panyumba pakhale mtendere.

M'shopumo munali mozizira, mafoni atandandalikidwa pansi pa galasi. Wogulitsa anali mayi wa magalasi, wodekha, wooneka kuti mabanja okangana anawaonapo ambiri. Anatulutsa mafoni atatu n'kuwaika pakauntala.

Achemwali analoza yaikulu, ya makamera atatu kumsana.

"Iyi, Bambo! Muziona adzukulu anu bwinobwino!"

"Adzukulu ndimawaona Lamlungu lililonse akundithyolera mipando," anatero Bambo.

Anainyamula komabe. Anaigogoda kumsana ndi chala monga amachitira ndi thabwa, anatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana m'mbali mwake ngati yawongoka. Yachiwiri anaiyesa kulemera padzanja. Ine ndinayamba kuwafotokozera za batire lokhalitsa ndi malo osungira zithunzi, ndikukuwa mpaka mlonda wa pakhomo anasuzumira, koma Bambo anangondiyang'ana mwachifundo.

"Mayi," anauza wogulitsa, "foni ntchito yake ndi kumva munthu. Ndingayese?"

Wogulitsa anaika simu khadi ya m'shopu m'foni yoyamba. Ndinati ndituluke panja ndiwaimbire, koma Bambo anapukusa mutu.

"Iwe ndi mkulu wakoyu ndimakumvani popanda foni. Msewu wonse umakumvani. Imbirani mayi anu."

Ndinawatchayira nambala ya Mayi. Bambo anakanikiza foni ya makamera atatu ija kukhutu lakumanja, anakwinya nkhope, anati "Halo" kanayi, n'kuibweza. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inali yosaoneka bwino, yonenepa, ya kamera imodzi, yoti achemwali sanaiyang'ane n'komwe. Wogulitsa anasunthira simu khadi m'menemo, anakweza mawu mpaka kumapeto, ndipo tinaimbanso. Bambo anamvetsera. Kenaka nkhope yawo inamasuka, anaseka chikhakhali mpaka kugwira kauntala.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa. Linali funso lawo limenelo, ine ndinali ndisanalifunsepo.

"Akuti kodi kuno tasowa chochita, iwo ali ndi makatani oti apinde." Anapukuta m'maso. "Ndatenga iyi."

Achemwali anadandaula kuti foniyo ikuoneka ngati sopo wochapira, koma Bambo akanena anena. Tinafika tsopano pa nkhani yeniyeni. Wogulitsa anayala mapepala awiri, la nyenyezi ndi la nkhunda, ndipo ife tinayambapo. Achemwali anati nkhunda imagwira ngakhale kuchipinda. Ine ndinati inde, ukakwera pabedi n'kuimika mwendo umodzi. Iwo anati nyenyezi imameza bandulo usanatsegule n'komwe uthenga. Ine ndinati bandulo yawo imatha chifukwa cha mavidiyo a makeke amene saphika. Wogulitsa anatisiya tithe mpweya, kenaka anatembenukira kwa Bambo ndi kulankhula mokweza.

"Foniyi imalowa makhadi awiri, bambo. Mutha kutenga onse, ana anu asamenyane."

"Mapanga awiri avumbwitsa," anatero Bambo. "Ndizisokoneza. Imodzi yakwana."

Anatulutsa magalasi awo, anawerenga mapepala onse awiri mzere ndi mzere, milomo ikuyenda. Potsiriza anaika chala chawo chokhakhala pa nyenyezi.

Sindinavine, koma ndinawaponyera achemwali diso loti aliwerenge okha. Iwo anayamba kufunafuna kanthu m'chikwama, kanthu koti kanalibemo. Wogulitsa analembetsa khadi yatsopano ndi chiphaso cha Bambo, anaiika m'foni, n'kufunsa nambala yaulere ija. Ndinasendera kutsogolo n'kuyamba kutchula yanga pang'onopang'ono, momveka bwino.

Bambo anakweza dzanja. Anatchula okha manambala, pamtima, osakakamira paliponse. Atatu oyamba anali ngati anga. Yachinayi inapatuka.

Inali nambala ya Mayi. Ndinali nditaiwala kuti nawonso ali ku nyenyezi, chikhalirecho khadi yawo ndinakawagulira ndine.

Achemwali anaseka mpaka kukhala pampando wa makasitomala.

"Bambo," ndinakuwa, "Mayi mumakhala nawo nyumba imodzi!"

"Ndikudziwa kumene ndimakhala," anatero, akuika foni m'thumba la buluku, osati la shati.

Zinandipweteka, ndisaname. M'basi ndinakhala kuwindo, ndikudziwerengera zabwino zanga zonse: ndani amawaperekeza kuchipatala, ndani amawapezera magalasi akasowa pamene ali pamphumi pawo. Achemwali anandigunyuza ndi chigongono.

"Usatupe. Uli ndi zala, uziwaimbira wekha. Ine ndagwa mayeso omwewo, ukundiona ndikulira?"

Tinafika kunyumba dzuwa likadali pamutu. Mayi anali pabalaza, pampando wawo wa pafupi ndi windo, akupinda makatani oti ndikapachike kunyumba yanga yatsopano, mapini ali kukamwa. Bambo anavula nsapato, anakhala pampando wawo, mbali ina ya tebulo lomwe anakhoma okha ine ndisanabadwe. Anatulutsa foni ija, anaisinkhasinkha, n'kudina ndi chala chimodzi mosamala.

Foni ya Mayi inalira pamwamba pa makatani. Mayi anaiyang'ana, anayang'ana Bambo, n'kuchotsa mapini kukamwa.

"Mwana iwe, auze bambo akowa kuti ndili pompano."

Ndisanatsegule pakamwa, Bambo analoza foniyo ndi mutu. Mayi anapumira m'mwamba n'kuyankha.

"Ndili pompano, inu," anatero ndi mawu awo apansi aja.

"Ndikukuonani," anatero Bambo. "Lankhulani."

"Ndilankhule chiyani?"

"Chilichonse. Chitsirizirayu akupita. Ndani azindiuza zimene mwanena? Komanso amaba mawu ameneyu. Inu milomo imayenda nthawi yaitali, iye n'kungoti 'akuti shati'."

Achemwali anabisa nkhope m'katani. Ine nkhope inatentha, koma mkwiyo wa m'basi uja sindinaupezenso. Ndinali nditatha mwezi wonse ndikudera nkhawa kuti ndani azindiimbira kutali kuja, osaganizako kuti anthu awiriwa ndikuwasiya m'nyumba imodzi opanda mlatho.

Mayi anaikhazika bwino foni kukhutu. Kenaka anayamba. Anawauza Bambo kuti chitseko cha kabati ya kukhitchini chakhala chikulira kuyambira chaka chatha, m'nyumba ya kalipentala. Anawauza kuti shati yabuluu ija siiwakhala, ndipo sinawakhalepo. Anawauza kuti akamagona masana amaliza mkonono woti mphaka amathawa. Bambo ankangogwedeza mutu, akumwetulira ngati akumvera nyimbo yakale, ndipo pa mkonono paja anati, "Bodza limenelo," Mayi n'kuseka. Kuseka kwawo nako n'kwapansipansi, ndipo ndinaona Bambo akukanikiza foni kukhutu kuti kusawadutse.

Ine ndi achemwali tinazembera kukhitchini. Iwo anatereka ketulo, ine ndinatsuka makapu, tikuyesa kusamvetsera koma makutu ali pabalaza. Patapita kanthawi Mayi analowa, foni ikadali kukhutu, anathira masamba m'tiipoti, anaika makapu pathireyi. Anasuzumira pakhomo n'kunena pang'onopang'ono, "Tiyi wapsa."

Mwa chizolowezi ndinakoka mpweya kuti ndikuwe. Mawu a Bambo anandipeza ndisanayambe, kuchokera pabalaza.

"Ndamva kale, mwanawe. Khala pansi umwe."