Boti Limene Ndinalimana Madzi

Zaka ziwiri ndinavutika nalo boti limenelo m'shedi ya ku Industrial Area. Linali la matanga, la mipikisano yakalekale, lamatabwa okhaokha, ndipo pamene a Fraser ankaligula ku Mombasa n'kuti nkhuku zikuikiramo mazira. Ine Lwitiko ndinachotsa thabwa lililonse lovunda, ndinapinda nthiti zatsopano pa nthunzi, ndinakhoma misomali yamkuwa mpaka manja kuchita matuza. Eni akewo amagwira ntchito ya mu ofesi kubungwe lina lakunja. Ankangobwera Loweruka kudzajambulitsa atagwira hamala.

Tsiku lina ndinapeza kachitsulo konyezimira katakhomedwa kumbuyo kwa botilo, kolembedwa kuti: "Lokonzedwanso ndi manja a Fraser."

"Bwana, nanga dzina langa?"

"Aa, a Lwitiko, inu ndi fundi, mmisiri wamba basi. Anthu a mpikisano amafuna dzina lomveka."

Mtima unandiwawa, sindibisa. Koma mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha.

Boti lamatabwa limamwa madzi. Likauma, matabwa amanyala ndipo pakati pawo pamatseguka mipata. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse ndinkalifunditsa masaka onyowa. Kuyambira tsiku limene ndinapeza kachitsulo kaja, masaka ndinawapinda, zitseko ndinazikankha kuti dzuwa la Januwale lilowe bwinobwino. Kwa milungu itatu ndinkangopukuta kachitsulo kaja.

Kenako kunabwera mayi woyeza maboti, woti avomereze ngati lathuli lingakapikisane pa nyanja ya Naivasha. A Fraser anaitana anzawo a ku Parklands, eni akewo atavala thalauza yoyera mbee. Mayiyo anatenga paipi n'kuyamba kuthira madzi m'kati mwa boti. Sipanathe mphindi ziwiri, madzi anayamba kutuluka m'mbali zonse ngati wawathira m'dengu.

"Munaliviika liti komaliza?" anafunsa mayiyo.

"Kuliviika?" a Fraser anaseka mwamanyazi. "Ife timaliteteza ku madzi, mayi, kuti lisaole."

Mayiyo anayang'ana kachitsulo kaja, n'kuyang'ana manja osalala a bwanawo. Anzawo aja anasiya kujambula.

"Ndifuna amene anakonza botili. Apo ayi, silipikisana."

A Fraser anatembenukira kwa ine, nkhope ili gwa.

"A Lwitiko, chonde, afotokozereni."

"Ndine fundi basi, bwana. Manja amene alembedwa apowo ndiwo ayankhe."

Ndinapisa m'thumba la ovololo n'kuwapatsa a Fraser sikuludiraiva.

Anagwada m'matope momwemo, thalauza yoyera ija ikumwa madzi akuda, n'kumasula masikulu anayi onse a kachitsulo kaja pamaso pa anzawo. Sindinawathandize ngakhale imodzi, ndipo ndinamva kukoma.

"Mutipatse milungu iwiri, mayi," ndinatero. "Matabwa afufuma, silidonthanso. Dzina lembani Lwitiko."

Ndinakatenga masaka aja. Ndowa ndinapatsira a Fraser kuti akatunge.