Mapaipi Atazizira

Mapepala okulungira zakudya amene a Pulofesa Kordek ankadzitama nawo anali ntchito ya manja a Mirosława Pytlak. Zaka makumi atatu mayiyu anakhala akuphika sitachi wa mbatatesi m'labotale ina ku Poznań, kuthiramo timaulusi ta chomera cha fulakesi, n'kuyala phalalo m'timbale kuti liume. Zinangotsala zaka ziwiri kuti apume ndi penshoni yathunthu, ndipo chimene ankaopa ndi kuchotsedwa zakazo zisanakwane.

Sitachi akauma yekha amathetheka ngati chikamba cha m'poto, ndiye pamafunika chofewetsa. A Pulofesa anakakamira gilisalini, wambirinso.

"Bwana, gilisalini amamwa chinyontho," anatero Mirosława mu Januwale, chisanu chili pachimake. "Panopa mapaipi otenthetsa nyumba akuwotcha, mpweya wauma gwa, n'chifukwa chake makina oyesera akamakoka pepala silikuduka msanga. Tiziyamba taligoneka masiku awiri m'bokosi la chinyontho."

"Mirka, iwe uziphika. Kuganiza utisiyire ife amene tinapita kusukulu," anatero a Pulofesa, pomuitana ndi dzina lake lachidule.

M'bokosimo mkuluyo ankasungamo mabotolo ake a bowa wa m'viniga, ndiye akanachotsa chifukwa cha mawu a wophika phala? Manambala a kulimba kwa pepala a m'nyengo yachisanu anatumizidwa momwemo kwa a Gruszka, mwini fakitale ya tchizi.

Kumapeto kwa Epulo mzinda unatseka mapaipi monga chaka chilichonse. Meyi anabwera ndi mvula yosakata. Tsiku limene a Gruszka ankabwera kudzaona okha asanasaine, Mirosława anapeza mapepala onse ali lende.

"Uwaike pa mapaipi aume," anatero a Pulofesa.

"Mapaipi anazizira kale, bwana."

A Gruszka atafika anatola pepala limodzi, ndipo linawamatirira kuzala. Atakoka pang'ono linang'ambika popanda ngakhale phokoso.

"Ndikulungire tchizi m'chimenechi, kapena tchizi ndiye chikulungire ichi?"

A Pulofesa sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anatenga kabotolo pashelefu, n'kukaima nako pakhomo, kutali.

"Mayi Pytlak, tatiwerengereni zimene zalembedwa apa."

Zaka zonsezo anali asanamutchulepo kuti mayi. Mirosława anatsinzinira, anakonza magalasi, koma timalemba timeneto ngakhale mtsikana sakanationa.

"Mwaonatu, a Gruszka. Maso anatha. Gilisalini angokhuthula ngati akuthira msuzi. Ine ndimawasunga chifukwa cha chisoni."

Mirosława anafuna kunena za Januwale, koma anaganiza za zaka ziwiri zija n'kuyamba kutola mapepala aja.

Madzulo ake anagogoda kuofesi ya a Pulofesa atanyamula kope lake lachikuto chobiriwira. Kwa miyezi isanu anali akuyesa yekha sobito m'malo mwa gilisalini, pa nthawi ya nkhomaliro. Mapepala akewo ankatuluka ouma khosi pang'ono, koma sankamwa madzi kwambiri, ndipo atagona m'chinyontho ankalimbabe. Zonse zinali m'kopemo, tsiku ndi tsiku. Anaganiza kuti munthu ukamupulumutsa amakukumbukira. Kupusa kwake kunali komweko.

A Pulofesa anawerenga osakweza mutu, n'kuika kopelo m'dirowa.

Patatha milungu itatu a Gruszka anabweranso, anakoka pepala latsopano la sobito ndi manja awiri mpaka kufiira makutu koma silinaduke, ndipo anasaina. Tsiku lotsatira Mirosława anapeza kalata patebulo pake: ntchito ithera pa 30 Juni, chifukwa cha kusasamala.

Analowa muofesi osagogoda.

"Bwana, mukudziwa kuti sindinalakwitse. Zaka ziwiri zokha. Ndizitsuka ngakhale mabotolo."

"Ndikudziwa, Mirka. Koma a Gruszka afunsa ngati mayi wosaona uja akadalipo. Ndikanati chiyani? Kuti ndinanama?"

Tsiku lotsanzikana a Pulofesa anagula keke ndi maluwa atatu. Anthu a m'chipinda chapamwamba anatsika, anadya, anaomba m'manja a Pulofesa atanena kuti dipatimenti ndi banja limodzi. Kenako mkuluyo anawerama mwaulemu wachikale n'kupsompsona dzanja la Mirosława. Asanalisiye anamunong'oneza.

"Patsamba lomaliza inki inafufutika. Sobito ndi magalamu makumi awiri ndi asanu, kapena ndi asanu ndi atatu?"

Mirosława ankamuda munthu ameneyu ndi mtima wake wonse. Koma anali asananamepo nambala chiyambire ntchito, ndipo pakamwa panayankha pokha.

"Ndi asanu ndi atatu, bwana."

"Mtsikana wabwino. Makiyi usiye kwa alonda."