Nambala ya Kumsana kwa Tisheti

Chifikireni matisheti aja m'nyumba, foni ya mdzukulu wa agogo sinapumenso. Agogo ankaimva ikulira kuchipinda, kubafa, ngakhale pansi pa pilo. Foni yolira chonchi, anthuni, siibweretsa zabwino zokhazokha.

Mdzukuluyo anali mtsikana wa pa koleji. Iye ndi anzake anatsegula tsamba la pa intaneti loti ophunzira azigulitsanapo mabuku akale ndi kuuzana za zipinda za lendi. Kuti tsambalo lidziwike, anadinditsa matisheti ndi zipewa. Pachifuwa pa tisheti panali dzina la tsambalo, kumsana nambala ya foni ya mtsikanayo. Zithunzi zotsatsira anajambulira pakhomo pomwepo, iye ataima pa geti lawo lobiriwira, mpopi wa m'mbali mwa msewu ukuoneka bwinobwino. Anazimwaza paliponse pa intaneti, ati ofuna kugula abwere kunyumba.

Agogo sanapondeko m'kalasi. Kwa iwo zolembazo zinali maluwa chabe, moti tisheti imodzi anaivala popita kumsika. Kumeneko mayi wogulitsa tomato anawaseka, kufunsa ngati ndi ukalamba wonsewo akusakabe mwamuna, poti akuyenda ndi nambala kumsana. Anabwerera atafunda nsalu dzuwa likuswa mtengo.

Mwa oimba foni aja munali bambo wina. Poyamba ankati akufuna matisheti a ana ake. Kenako anayamba kutumiza mauthenga otchula diresi lomwe mtsikanayo wavala tsikulo ndi njira yomwe wadzera pochokera ku koleji. Mtsikanayo sanauze munthu. Kudya anasiya, kuseka anasiya. Koma agogo, omwe maso awo sachoka pa windo, anali ataona kale munthu wamtali akuimaima pa mtengo wa magetsi, osadikira basi, osagula kanthu, kumutu atavala chipewa cha tsamba lomwelo.

Tsiku lina masana anamukokera mdzukulu wawo kuseri kwa katani.

"Iwe, uyo waima apoyo ukumudziwa?"

Mtsikanayo atasuzumira, anakhala pansi n'kuulula zonse.

Agogo anatuta matisheti onse, kuwaunjika kuseri kwa nyumba, n'kutenga botolo la parafini ndi machesi. Anati za koleji zathera pomwepo, ndipo mawa amutumiza kwa amalume ake kutali. Mtsikanayo anagwira botololo akulira kuti katunduyo ndi wa gulu, si wake yekha. Phokosolo linafika kwa mayi wa nyumba yoyandikana nayo, wapolisi, yemwe tsikulo anali pa tchuthi. Anatulukira ndi thovu la sopo m'manja.

Atamva nkhaniyo anauza agogo kuti mantha awo ndi oona, koma moto suthamangitsa munthu amene geti walidziwa kale. Mtsikanayo anati ndiye afufute mauthenga onse, asawaonenso.

"Usafufute ngakhale umodzi, mng'ono wanga," anatero wapolisiyo. "Umenewo ndiye umboni. Usamuyankhenso. Vala nsapato, tikanene pompano."

"Nanga akatitsatira panjira?" anafunsa agogo, machesi akadali m'manja.

"Atitsatire, agogo. Ndiye watipeputsira ntchito."

Anatulukira geti la kwa wapolisiyo, agogo ali pakati, akucheukacheuka. Kupolisi anaonetsa mauthenga aja ndi nambala yomwe ankachokera. Agogo anafotokoza msinkhu wa munthuyo, nsapato zake ndi nthawi zomwe amakonda kuima pamtengo paja. Apolisi anamupeza pomwepo tsiku lotsatira, foni yake ili ndi zithunzi za mtsikanayo zojambula mobisa. Nkhani yake inapita kukhoti.

Koma wapolisi uja sanalekere pomwepo. Anaitana gulu lonse la ophunzirawo pakhonde pake n'kuwauza zoti akonze. Zithunzi zonse zoonetsa nyumba anazichotsa pa intaneti. Anagula nambala ina ya tsamba lokha, yomwe amayankha mosinthana. Mtsikanayo anasintha nambala yake. Wodinda matisheti anaphimba nambala yakale ija ndi chizindikiro cha tsambalo. Zogulitsa anazisamutsira pa tebulo la pakhomo la laibulale ya koleji, pomwe amakhala awiri kapena atatu, osati mmodzi. Anagwirizananso kuti asamaike chithunzi cha mnzawo aliyense asanamupemphe.

Agogo sanakhulupirire msanga. Kwa masiku angapo ankamuperekeza mdzukulu wawo mpaka pokwerera basi, anzake akumuseka kuti wapeza mlonda waulere. Koma matisheti anatha onse, ophunzira a makoleji ena anayamba kulowa pa tsambalo, ndipo mtsikanayo analemba mayeso ake ali pakhomo pa agogo ake, akudya ndi kugona bwino.

Inu makolo, funsani zomwe zalembedwa pa zinthu zimene ana akugulitsa, ngakhale muchite kuwerengeredwa. Inu achinyamata, tsatsani malonda anu, koma musatsatse pakhomo panu kapena nambala yanu. Wina akayamba kukulondalondani, musabise ndipo musafufute mauthenga ake. Uzani munthu wamkulu, mukanene kupolisi tsiku lomwelo.