Chipinda cha Kuseri ku Kimara

Nyumba imene tinkachita lendi ku Magomeni, kuno kudziko la eni, itagulitsidwa, wogulayo sitinamuone n'komwe. Tinangomva mawu ake kudzera kwa eni nyumba: agula pokhapokha ikhale yopanda munthu. Mabanja tonse tinauzidwa kuti tiyambe kulongedza. Munthu ameneyo ndinamutukwana, sindibisa. Ndinkamutukwana pochapa, posita, ngakhale potuluka m'tchalitchi.

Mwamuna wanga Hilary, kalipentala wa ku Keko, anati lendi yatikwana, tigule yathu ngakhale ikhale ngati khola la nkhuku. Tinayamba kuyenda ndi dalali wina, mkhalapakati wa zogulitsa nyumba, dzina lake Shomari, munthu woti nyumba iliyonse kwa iye ndi yokongola, ngakhale yopanda denga. Anationetsa za m'chigwa, zimene utoto watsopano unkalephera kubisa pamene madzi amafika. Anationetsa ina ya abale anayi osalankhulana. Madzulo ndinkatsika basi ya mwendokasi mapazi atatupa, mtima utatopa kuposa mapaziwo.

Ya ku Kimara inali pamtunda. Zipinda ziwiri, ndi china kuseri chokhala ndi khomo lakelake, chopanda masitepe. Nditachiona ndinaganiza za amayi anga, amene sitiroko inawapha mwendo. Kwa zaka zambiri ankagona pabalaza, kuseri kwa katani, ndipo ankavala ana akuonera TV mbali inayo. Ndinkafuna afe ali ndi chitseko chawo. Koma pakhomopo panali patapata wa munthu.

"Umu muli ndani?" ndinafunsa.

"Ah, bibi wina chabe, mpangaji," anatero Shomari, kutanthauza gogo wochita lendi. "Wakhalitsa. Lendi amapereka akapeza."

Mawu anangotuluka okha, osalala ngati ndinachita kuwayeseza.

"Kawauzeni eni ake kuti tigula, koma pokhapokha ikhale yopanda munthu."

Hilary anandiyang'ana, kenako anayang'ana nsapato zake. Kayang'anidwe kameneko kanandikwiyitsa njira yonse. Eni ake anavomera tsiku lomwelo.

Kutatsala pang'ono kuti tisamuke, ndinapitako ndekha kukayeza mawindo. Kuseri ndinapeza mayi wokalamba atakhala pa mtolo wa zovala, mapoto ali m'ndowa, mphasa yopempherera ili pamiyendo. Ndinali pa foni ndi Hilary, ndipo nditadula anandiyang'ana.

"Shikamoo, bibi," ndinawalonjera m'Chiswahili.

"Marahaba. Ndamva mukulankhula chakwathu. Ine ndine Mwanamkuu, wa ku Machinga, ngakhale ndinachokako ndili mtsikana. Ndinu amene mwagula, eti?"

Ndinavomera ndi mutu. Bwenzi akanalankhula Chiswahili chokha, zikanapepuka.

"Mukupita kuti, amayi?"

"Ku Mbagala, kwa mwana wa mchemwali wanga. Akuti pabalaza pali malo. Andiikira pazia."

Pazia ndi katani, ndipo moyo wa kuseri kwa katani ndinkaudziwa bwino. Ndinachita manyazi. Mgwirizano unali usanasainidwe. Ndikanatha kumuimbira Shomari pomwepo n'kunena kuti mawu aja ndawabweza. Foni inali m'manja. Ndinaganiza za amayi anga, ndipo ndinaiika m'chikwama.

"Mugonekamo ndani?" anafunsa.

"Amayi anga. Sayenda bwino."

"Ndiye muziwatsegulira, mwanangu. Chitsekochi mvula ikagwa chimatupa. Osachimenya ayi. Muzichinyamula pang'ono, n'kukankha ndi phewa."

Bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu ija, itafika ndinawathandiza kukweza katundu. Sanali wambiri. Ndinkafuna kunena kuti pepani, koma chimene chinatuluka ndi chakuti muyende bwino.

Tinalowa mvula itayamba. Amayi anga anachikonda chipindacho, moti tsiku loyamba anadzitsekera masana onse, popanda chifukwa, kungoti amve kukoma kwake. Ndinasangalala, sindinama. Munthu wa ku Magomeni uja ndinasiya kumutukwana. Sikuti ndinamukhululukira, koma ndikati ndiyambe, mawu amene ndimamva ndi anga.

Hilary amanena kawirikawiri kuti achipala chitsekocho, ndi ntchito yochepa kwa kalipentala. Ndimamuuza kuti achisiye. M'mawa uliwonse ndikamawapititsira amayi tiyi, ndimaika kapu pansi, n'kuchinyamula pang'ono, n'kukankha ndi phewa.