Mawu a malemu mu vidiyo ya udzu

Mdzukulu anabwera ndi foni kuti agogo aamuna aone vidiyo imene anakonza yophunzitsa anzake kusukulu za udzu wam'munda. Muvidiyomo munali malemu akazi awo, atagwira chisoso, akuloza njuchi pamaluwa ake. Milomo inkayenda, koma kunkamveka nyimbo yokhayokha.

"Mawu awo ali kuti?"

"Ankalankhula mokoka, agogo, anzanga akanagona. Ndinafufuta, foni inadzaza."

Agogowo anapsa mtima. Mawu a akazi awo sanatsalenso kwina kulikonse.

"Chisoso wasunga, njuchi wasunga, koma agogo ako wawatseka pakamwa."

Anatenga khasu, n'kumukokera mwanayo kumunda.

"Jambula ine. Ndinena zomwe ankanena iwo, mokoka momwemo. Ukaikamonso nyimbo zakozo, foni imeneyi ndiikwirira pompano."